Za Mluzu wa Mphepo m'Galimoto Yatsopano

Ena mwa owerenga athu adzadabwa poona nkhani ya galimoto m'masamba ano, nadzati, Kodi ife a kumudzi, amene njinga yomwe itivuta kugula, tili nayo chiyani galimoto yatsopano? Komatu taganizani, abale. Masiku ano ana athu ogwira ntchito m'mizinda ndi kunja kwa dziko agulira makolo awo magalimoto. Ena asunga ndalama za fodya zaka zambiri kuti agule yonyamulira anthu ndi katundu. Ndipo palibe mmodzi wa ife amene sakwerako popita kuchipatala, kumaliro kapena kumsika. Tsono chimene chivuta mwini galimoto chivutanso ife okweramo. Mwa zovutazo chilipo chimodzi chimene anthu achipeputsa, ndicho phokoso la mphepo: mluzu uja ulira pa chitseko, kapena mkokomo ugunda m'makutu galimoto ikathamanga. Mawu athu pa ichi ndi awa, kuti phokoso lotere lili nawo malo ake pamene lichokera, ndipo malowo apezeka. Munthu wanzeru awafunafuna msanga, osayesa kuphimba phokosolo ndi wailesi.

Tiyambe ndi kufunsa chimene mphepo ichita ndi galimoto. Ana a sukulu tiwaphunzitsa kuti mpweya, ungakhale suoneka, uli nako kulemera kwake: bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu lisunga mpweya wolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Chotero galimoto yaing'ono yothamanga makilomita 100 pa ola ikankha mpweya wolemera koposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa sekondi iliyonse. Mpweya wonsewo uyenera kupatuka, wina pamwamba, wina pansi, wina m'mbali. Ndipo monga madzi a mtsinje avunduka nalira pokomana ndi mwala, chomwecho mpweya uvunduka pa ngodya za galasi lakutsogolo ndi pa magalasi oonera m'mbuyo, nugunda mazenera.

Poyenda pang'onopang'ono munthu amva injini. Liwiro likakula amva matayala pa msewu. Koma pofika makilomita ngati 100 pa ola mphepo iyamba kuposa zonsezi. Ndipo phokoso lake silikula molingana ndi liwiro iyayi. Akatswiri a zomveka apeza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya phokoso la mphepo iwirikiza pafupifupi ka 64. Amene akonda masamu aone ichi: woyendetsa akatsika pa 120 nabwera pa 100, phokoso litsala gawo limodzi la magawo atatu a mphamvu yake. Mphepo ya kunja nayo iwerengedwa pamodzi. Munthu wochoka ku Nkhotakota kunka ku Salima m'mwezi wa July, galimoto yake ili pa 90, akakomana ndi mwera wa makilomita 30 pa ola, mazenera ake alandira mphepo ya 120.

Nanga bwanji galimoto yatsopano ndiyo imveketsa mphepo koposa yakale? China ndi ichi, kuti yakale ili ndi maphokoso ambiri obisa la mphepo, pamene yatsopano injini yake ilira motsika, ndipo yoyendera magetsi ilibe kulira kwa injini kumene tinazolowera. Opanga magalimoto adziwa zimenezi. Kuyambira kale ayesa magalimoto awo m'nyumba zazikulu zouziramo mphepo; Airflow, imene kampani ya Chrysler ya ku America inatulutsa mu 1934, inali imodzi mwa zoyamba kuumbidwa motsata mayeso otere, ndipo lero m'nyumbazo aikamo ndi zipangizo zomvetsera phokoso. Angakhale atero, mkokomo wapansipansi womveka mofanana mbali zonse sutha konse, ndipo umenewo si chilema. Chilema ndi phokoso limene muloza ndi chala kuti lili apa, lomveka mbali imodzi koposa inzake.

Phokoso lolozeka lili mitundu itatu, ndipo yonse itatu tiidziwa kale kumudzi.

Loyamba ndi mluzu wa pa mpata, wonga umene ulira pa chitseko cha nyumba chosakhala bwino usiku wa chisanu. Kuzungulira zitseko ndi mazenera a galimoto kuli mphira wotseka mipata. Mpweya wothamanga m'mbali ukokera chitseko kunja, monga umo chimphepo chinyamulira denga la malata la sukulu. Ndipo ngati chitsekocho sanachilunjike bwino popanga, kapena mphira wapindika pa ngodya, patseguka kampata kosaposa kunenepa kwa chikhadabo. Kampata kameneko kakwanira kuimba ulendo wonse. Ichi ndicho chifukwa chake galimoto itakhala chiimire simupeza kanthu, koma ikathamanga mluzu uyamba.

Lachiwiri ndi kulira kwa zinthu zoonda zoima pamphepo, konga kwa mawaya a magetsi tsiku la mphepo. Vincenc Strouhal, wa ku Bohemia, anafufuza ichi mu 1878 pozunguza mawaya mumpweya, napeza kuti waya woonda ulira mawu okwera, wonenepa mawu otsika, ndipo liwiro likakula mawu akwerabe. Pa galimoto zolira motere ndizo mlongoti wa wailesi ndi zitsulo za kaliyala wa padenga. Mankhwala ake ndi apafupi: kaliyala achotsedwe pamene palibe katundu, kapena akulunge chingwe mozungulira chitsulo chopingasa, molekeza mipata monga umo chikwerera chilazi pamtengo, namanga zolimba nsonga zake. Chingwecho chisokoneza mpweya kuti usavunduke pamodzi m'litali monse mwa chitsulo. Mukayang'anitsitsa milongoti ya wailesi ya magalimoto ambiri mudzaona kawaya kokulungidwa chomwecho, ndipo ntchito yake ndi yomweyo.

Lachitatu ndi kugunda kuja kopweteka m'makutu, konga ng'oma yaikulu, kumene kumveka munthu akatsegula zenera limodzi lokha, makamaka lakumbuyo. Mwana aliyense adziwa kuliza botolo pouzira pakamwa pake. Hermann von Helmholtz wa ku Germany analongosola za kulira kwa ziwiya zotere m'buku lake la mu 1863. Galimoto ya zenera limodzi lotsegula isanduka botolo lalikulu, ndipo popeza ndi lalikulu, mawu ake atsika kufikira amveka m'mutu ndi m'chifuwa. Apa palibe choonongeka, ndipo palibe mlandu ndi wogulitsa. Tsegulani pang'ono zenera lina la mbali inayo, ndipo kugundako kudzaleka.

Mwa mitundu itatuyi, woyamba ndiwo usautsa, pakuti subisika m'galimoto mokha, ubisikanso mumtima wa mwini wake. Ichi tinachiona ndi maso athu. Mkulu wina wa kwathu, amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki, ana ake anamsonkhera ndalama namgulira galimoto yatsopano ndithu, ya m'sitolo. Tsiku lina anatinyamula ife aphunzitsi awiri kunka ku msonkhano, ndipo titafika pa tala tinamva mluzu pafupi ndi khutu lake lamanja. Iye anakweza wailesi. Titamfunsa anakhala chete kanthawi, nati, "Aphunzitsi, ndaumva kuyambira tsiku loyamba. Koma ndikanena, ana anga adzati bambo sayamika. Ndipo kwa wogulitsa ndikanene chiyani, ine wosadziwa za magalimoto?" Miyezi inayi inali itapita ali chimvere mluzuwo, ndipo anatiuza kuti ulendo wautali uliwonse ankafika kunyumba mutu ukuwawa.

Loweruka lotsatira tinatenga zida zimene mphunzitsi aliyense ali nazo, ndizo pepala la m'kope ndi choko, tinagulanso tepi yapepala imene opaka utoto amata pa magalasi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi lamulo ndi limodzi: yesani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, pa msewu womwewo ndi liwiro lomwelo. Woyendetsa ayang'ane msewu wokha. Womvetsera akhale wina. Tinamata tepi kunja pa mzere wa pamwamba pa galasi lakutsogolo, tinayenda, mluzu ulipobe. Tinaichotsa, tinamata pa tsinde la galasi loonera m'mbuyo, ulipobe. Kachitatu tinamata pa ngodya ya pamwamba ya chitseko cha woyendetsa, mwini wake nalowera chitseko chinacho, ndipo m'galimoto munangoti zii.

Pofuna umboni wina tinatsekera pepala pa chitsekocho ndi kulikoka. M'malo ena onse mphira unaligwira zolimba, koma pa ngodya ija linasololoka losavuta. Tinapakanso choko pa mphira ndi kutseka chitseko. Potsegula tinaona mzere woyera pa chitsulo ponseponse, kupatula malo aja otalika ngati chala. Amene akhala kutali ndi tala ali nayo mboni inanso yosalipidwa: fumbi la mu October lilowa pamene mphepo ilowa, nilisiya kamzere kofiira m'kati mwa chitseko.

Mkuluyo anafuna kuti makaniko wa pamsika apinde chitsekocho ndi bondo, kapena amatepo mphira wina ndi guluu. Ife tinamletsa, ndipo tiletsa owerenga athu onse. Galimoto yatsopano ibwera ndi kalata ya lonjezo, imene amalonda aitcha walanti, yakuti chilema cha popanga adzachikonza iwo eni osalipiritsa, kufikira zaka kapena makilomita olembedwa m'kalatamo. Munthu wina akayamba wagwirapo, wogulitsa apeza ponamizira. Chotero tinamlembera pa pepala tsiku limene mluzu unayamba, liwiro limene umveka, malo ake, ndi mayeso atatu aja. Tinamlangizanso kuti apemphe mmisiri wa kusitoloko akwere naye, adzimvere yekha pa msewu, ndi kuti dandaulo lake lilembedwe m'buku lawo, iye nalandire kalata yake. Anapita ndi mwana wake wamkulu, amene sanakwiye konse, koma anadandaula kuti bambo anachedwa kunena. Mmisiri anasuntha pang'ono chitsulo chokolera chitseko, ndipo ntchito yonse sinathe ola limodzi.

Tidziwa kuti magalimoto ambiri amene kuno tiwatcha atsopano anayamba ayenda zaka ku Japan, nabwera pa sitima kufikira ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa Songwe. Otere kawirikawiri alibe lonjezo la wopanga, ndipo mphira wawo wayamba kale kukalamba. Dzuwa lathu liumitsa nkuung'amba msanga. Wogula galimoto yotere kwa wamalonda wa kuno asakhutire ndi kunyezimira kwa utoto, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Asanapereke ndalama aiyendetse pa msewu wabwino, wailesi ndi fani atazimitsa, mazenera onse atatseka. Ayang'anenso m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, popeza galasi losinthidwa mosasamala lisiya mipata. Ndipo ataigula azitsuka mphira ndi madzi ndi sopo; asaupake girisi kapena oyilo wa injini, pakuti mafuta otere aufufumitsa nauononga.

Kapena wina adzati, Kodi zonsezi nchifukwa cha kamluzu chabe? Iyayi. Mpata wolowa mphepo ulowanso mvula, ndipo madzi okhala pansi pa kapeti abala dzimbiri limene lidya galimoto mwakachetechete. Phokoso losaleka litopetsa woyendetsa, nilimlepheretsa kumva hutala ya mnzake kapena kulira kwachilendo kwa tayala. Ndipo m'manja mwa woyendetsa wotopayo muli miyoyo ya onse okwera. Koposa izi pali makutu. Phokoso aliyeza ndi muyeso wotchedwa desibelo. Bungwe la boma la America loyang'anira umoyo wa antchito, NIOSH, linalangiza mu 1998 kuti munthu asakhale m'phokoso la madesibelo 85 koposa maola 8 pa tsiku, ndipo pa madesibelo 88 asapitirire maola 4. M'galimoto yotsekeka bwino phokoso likhala pansi pa muyeso umenewu. Koma wothamanga zenera lili chitsegukire pafupi ndi khutu akhoza kuufikira, ndipo wokweza wailesi kuti ipose mphepo aonjeza phokoso pa phokoso. M'kati mwa khutu muli timaselo ta ubweya tosalimba timene tilandira mawu. Tikafa sitimeranso, ndipo palibe sing'anga angatibweze. Ana athu oyendetsa maminibasi kuyambira m'bandakucha kufikira usiku ndiwo ayenera kumva mawu amenewa poyamba.

Tsono, abale, wina wa inu akalandira galimoto kapena akaikwera, namva mluzu, asachite manyazi kuunena. Ayambe wazimitsa wailesi, afunse kuti ndi uti mwa mitundu itatu ija, achepetse liwiro kufikira atapeza malo ake; ndipo ngati ndi chilema cha popanga, abwerere kwa wogulitsa masiku a lonjezo asanathe, ali ndi pepala m'manja. Kutero sikunyoza mphatso, ndiko kuisunga. Pakuti ana amene anadzimana kuti agule galimotoyo anaigula kuti makolo awo ayende mwa mtendere, nafike kumene apita akumva bwino mawu a anzawo.