Kacingwe ka pa zenera kanafuna kundilanda mwana

Pamene tinasamukira m'nyumba ya lendi ku Kabwata, cimene cinakondweretsa amake mwana koposa zonse ndico zochinga za pa mazenera, zija amazicha mabulaindi. Ukakoka kacingwe zikwera, ukakokanso zitsika. Inenso ndinanyada nazo, pakuti kale ndinali kuziona m'maofesi mokha.

Tsiku lina Loweruka masana ndinali kuwerenga pa khonde, amake ali kucapa kuseri, mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri akusewera m'cipinda. Cimene cinandidzutsa pa mpando si kulira ai, koma kuti m'nyumba munangoti zii. Polowa ndinampeza m'mphepete mwa bedi, phazi limodzi lili m'malere, kacingwe katamzinga m'khosi. Ndinamnyamula ndi dzanja limodzi, linalo ndikumasula. Anayamba watsokomola, kenaka ndi kulira. Ku kiliniki anampima nati ali bwino, koma mzera wa m'khosi unaoneka masiku atatu.

Ife amene tinakulira kumudzi tidziwa khwekhwe wochera akalulu. Kacingwe aka ndi khwekhwe weniweni, popeza nsonga zake ziwiri zinalumikizidwa pansi. Mwana wa msinkhu uwu ali ndi mutu wolemera ndi m'mero mofewa, ndipo akaterereka, kulemera kwa thupi lake lomwe ndiko kumangitsa khwekhweyo. Mau satuluka. Kholo lingakhale pafupi ndithu, kuseri kwa citseko, koma osamva kanthu.

Pambuyo pake ndinafufuza monga mwa nchito yanga. Ku America akatswiri anawerenga ana aang'ono 271 amene anafa cifukwa ca zochinga zotere kuyambira 1990 kufikira 2015, ambiri mwa iwo atakoledwa ndi zingwe m'khosi. Ku Britain, kuyambira 2014, zatsopano ziyenera kugulitsidwa pamodzi ndi kokolekapo cingwe, kapena kolumikizira kamene kamasuka kokha cingwe cikalemedwa. Zathu zinalibe ngakhale cimodzi ca izi.

Madzulo omwewo ndinasuntha bedi ndi mipando kuzicotsa pa mazenera. Ndinadula khwekhwe aliyense ndi lumo, ndipo nsonga zake ndinazikulunga pa msomali umene ndinakhoma pamwamba, pamene ine mwini ndifika motambasula dzanja. Anzanga ena amangomanga mfundo kuti cingwe cifupike. Zimenezo sindizikhulupirira, cifukwa pamwamba pa mfundoyo patsala khwekhwe wina, ndipo mwana wodziwa kukwera pa mpando adzampeza.

Eni nyumba anabwera pakutha kwa mwezi. "Bambo, mwaononga katundu wanga," anatero. Ndinawafotokozera zonse, koma anati adzadulabe pa ndalama za cikole, ndipo ine sindinakane. Potuluka anaima pa zenera kanthawi, nayang'ana msomali uja, nandifunsa kuti ndinaukhoma pa utali wotani kucokera pansi. Kunyumba kwao, anatero, kuli adzukulu awiri.