Chiberekero Chikafewa

Mwana akangolira, azakhali amene akudikira pakhonde amayamba nthungululu. Ine mzamba ndimakhala ndisanapume. Dzanja langa limapita pansi pa mchombo wa mayi kukafufuza chiberekero. Chikalimba ngati dzungu, mtima umakhala pansi. Chikafewa, ndiye kuti magazi ayamba kutayika, ndipo kuchokera kuno ku Mvera, chipatala cha boma ku Dowa si pafupi.

Chiberekero ndi mnofu, koma si wofanana ndi wa pamkono. Mayi sangaulamule. Umamvera kashiamu, mchere womwe uja umalimbitsa mafupa. Matenda akayamba, timipata ta pakhungu la selo timatseguka, kashiamu n'kulowa. M'katimo amagwirana ndi puloteni yotchedwa calmodulin, awiriwa n'kudzutsa myosin kuti ikoke ulusi wa actin. Selo limafupika. Maselo miyandamiyanda akafupika nthawi imodzi, ndi uja ululu mayi amagwira nawo chitsulo cha bedi. Nsengwa ikatuluka, kukoka komweko kumafinya mitsempha yotseguka, magazi n'kuleka.

N'chifukwa chake pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa timabaya mayi oxytocin, mayunitsi 10 pantchafu. Ntchito yake ndi kuchulukitsa kashiamu m'maselowo. Koma amadana ndi kutentha, amafuna firiji, ndiye magetsi akazima usiku ine tulo sindimaona.

Nthawi zina timafuna zosiyana. Mayi wothamanga magazi timamupatsa nifedipine, amene amatseka timipata tija kuti mitsempha imasuke. Wophupha timamubaya magnesium sulphate, kenako n'kumagogoda bondo lake ndi kuwerenga mpweya, chifukwa mankhwalawa akapyola muyeso amafooketsa thupi lonse. Chowabweza ndi calcium gluconate. Kashiamu yemweyo.

Dilipi ya Ringer imene timapachika ili ndi dzina la Sydney Ringer, dokotala wa ku London amene mu 1883 anaonetsa kuti mtima wa chule sugunda nthawi yaitali m'madzi opanda kashiamu.

Chimandivuta ndi mankhwala achikuda otchedwa mwanamphepo. Agogo amamwetsa mayi kunyumba kuti achire msanga, chiberekero n'kumakoka mosalekeza, mwana osapeza mpata wolandira magazi. Sindikalipa, chifukwa wokalipiridwa amabisa. Ndimangokhala nawo pabenchi n'kufunsa motsitsa mawu: "Agogo, mwawamwetsa makapu angati, nthawi yanji?"