Chambo chanji chikudyedwa ku Area 43?

Loweruka ndidazungulira kumayadi ku Area 43, komwe mipanda ya njerwa imabisa nyumba za mabwana. Pa geti ina ndidapeza venda wa njinga akuitanira: "Chambo cha ku Salima, bwana!"

Nditasuzumira m'dengumo ndidangoona makumba, omwe akatswiri amati Oreochromis shiranus. Ndi achibale, inde, koma si chambo ayi.

Chambo chenichenitu ndi Oreochromis karongae, squamipinnis ndi lidole. Ife timangoti "chambo" basi, n'chifukwa chake mtundu wina ukamatha sitizindikira. Mu 2018 bungwe la IUCN lidalengeza kuti mitundu itatuyi yatsala pang'ono kutheratu.

Mlonda adandinong'oneza: "Achimwene, abwanawa sasiyanitsa, bola nsima itsike."

Abale, nanga adzukulu athu adzachilawa chambo?