Ulendo wapansi wa ku Nambuma uli ndi mwezi wake

Anzanga a pamsika wa Wakawaka akhala akundifunsa kuti bwanji chaka chilichonse ndimasowa pabenchi sabata yathunthu Meyi akamatha. Ena adafika pondinamizira kuti ndili ndi banja lina kumudzi. Ayi ndithu abale. Ndimakhala ndili paulendo wapansi, kuyambira pa Namitete, kudzera Nsaru ndi Kabudula mpaka kukatulukira ku Nambuma, kusaka mtedza.

Mufunsa kuti pansi bwanji galimoto zilipo? Minibasi imakutula pamsewu pomwe mavenda onse apachika kale masikelo awo. Mtedza wabwino, wamtengo womveka, uli m'midzi yamkati. Ndimayenda khomo ndi khomo, kusiya chikole, kenako kubwera ndi ngolo. Koma ulendowu uli ndi mwezi wake, ndipo ine ndidaudziwa nditalira kaye.

Ulendo woyamba ndidanyamuka mu Febuluwale. Nzeru zanga zidali zoti nthawi ya njala anthu amasowa ndalama, ndiye ndikagwire mtedza udakali m'munda anzanga asadadzuke. Ndidanyamula mchere, shuga ndi sopo zoti ndikasinthitse. Nditaima pa Mpingu kulonjera malume anga, iwo adangoyang'ana kumwamba nkuti, "Mphwanga, mvula iyi mwapangana nayo?" Ine ndidaseka.

Tsiku loyamba lomwelo katondo adandionetsa zakuda. Dothi lofiira lija likanyowa limakakamira kunsapato mpaka phazi lililonse kulemera ngati njerwa. Ndidavula nkumayenda chosavala. Dera lonseli ndi lachidikha, ndipo pakati pa mudzi ndi mudzi pali dambo. M'chilimwe dambolo simuliona nkomwe, mumangodutsa mukuimba mluzu, koma mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yambiri ya Lilongwe imagwa, kamtsinje koti mwana amadumpha kamasanduka chilombo. Ndisadafike pa Nsaru kamodzi kotere kadandiimitsa masiku awiri. Lachitatu ndidapsa mtima nkuoloka madzi ali m'chiuno. Ndidaterereka, thumba lonse phava m'madzi! Shuga ndi mchere zidapita ku Bua popanda tikiti, ndipo theka la mpamba wanga lidathera pomwepo.

Chomwe chimandiwawabe si shugayo ayi. Ndidagona pakhomo pa agogo ena omwe nkhokwe yawo idali mbee. Adandiphikira nkhwani ndi kansima kochepa, zidzukulu zikuyang'ana. "Pepani bambo, mwatipeza nthawi yoipa," adatero. Ine wobwera kudzadyerera njala yawo, ndine ndidawadyera chakudya. Manyazi ake! Nditabwerera ku tauni malungo adandigoneka sabata ziwiri, benchi ili yotseka.

Ndiye ndidati basi, mvula ndathana nayo, ndipita mu Okutobala. Kumeneko ndiye kudali kulakwa kwina. Ikamakwana 9 koloko mmawa mchenga wayamba kale kuotcha, zitsime zambiri zaphwa, pamjigo mzere wa ndowa kutalika. Mtedza woti mugule udapita kalekale, wotsala ndi wambewu. Ndipo chizimalupsa sichilonjera, chimangobwera ndi mphepo ndi mphenzi inu muli pakati pa dambo lopanda pobisala. Iyinso ndi nyengo ya gule wamkulu. Mukakumana ndi zilombo panjira patukani mwaulemu, ponyani kangachepe pansi, utauni wanuwo muusunge m'thumba.

Julayi ndi wabwinoko koma ngozizira. Kuno usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo munthu wogona pamkeka ndi chitenje chimodzi kumamuchera mochedwa.

Nthawi yanga tsopano ndi sabata yomaliza ya Meyi mpaka pakati pa Juni. Mitsinje yaphwera, madzi ake ayera, njira zauma koma fumbi lisadayambe. Anthu akukumba ndi kuthothola mtedza, ndiye mumauona ndi maso, kaya ndi Chalimbana kaya CG7 uja adachokera ku Chitedze, nkuusenda nokha kuti muone ngati mulibe chuku. Kumsika wa fodya ku Kanengo kwatsegulidwa kale, m'midzi muli kandalama, nkhope zili zowala. Mlendo salemetsa. Pano akupatsani mbatata yootcha, apo nzimbe, ndipo nkhani ya mtengo mumakambirana mutakhuta nonse. Ndimadzuka 5 koloko, kuyenda mpaka dzuwa litafika pamutu, kupuma patsinde pa mango, nkupitiriza chakumadzulo. Masiku asanu ndimakhala ndikuona mishoni ya Akatolika ku Nambuma.

Komatu kalendala yokha musaikhulupirire. Mvula yamakono ilibe ulemu. Mu 2024 ng'amba ya El Niño idaotcha minda mvula ili pakati, ndipo zaka zina imakakamira mpaka Epulo nkuoletsa mtedza. Choncho ndimamvera kaye a zanyengo pawailesi, koma akatswiri anga enieni ndi anyamata akabaza a pa Namitete. Ndikatsika minibasi ndimayang'ana mateyala a njinga zochokera kumidzi. Akakhala ndi matope ofiira aawisi, ndimamwa tiyi nkukwera yobwerera. Chaka china ndidachitadi zimenezo, kondakitala nkundiseka kuti ndaiwala chiyani ku Lilongwe. Ndidabweranso patatha masiku khumi, ndipo ulendo umenewo phazi silidanyowe.

Agogo aja ndimawadzerabe chaka ndi chaka. Mtedza wawo ndimagula pamtengo womwe anena okha, ndipo paketi ya shuga imafika youma.