Pani ya ba aunty inandifikitsa ku Soweto

Ku Soweto Market sindinapite kukagula tomato. Ndinapita ndi mlandu m'chola: pani ya ba aunty, ija yachitsulo cholemera yokhala ndi mizere pansi. Ndinaibwereka kuti tiwotchepo nyama pa birthday ya mnzanga ku Chilenje. Phwando litatha ndinaiviika m'madzi a sopo n'kuiwala masiku atatu. Poitulutsa inali psuu ndi dzimbiri. Ba aunty akhala nayo kuyambira ine ndisanabadwe, ndiye nzeru inali yogula ina mwakachetechete.

Pa Chiweru m'mawa ndinatsika basi ku City Market n'kuyenda pansi. Soweto umaimva usanaione. Anyamata a mawilibala akukuwa kuti upatuke, mabokosi a tomato mbali iyi, kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu mbali iyo, nyemba za kabulangeti, matumba a malasha. Foni ikani m'thumba lakutsogolo.

Kwa ogulitsa ziwiya mapani anali mbwee, koma onse amene ndinanyamula anali opepuka. Nditatopa ndinakhala pa benchi ya amai ena owotcha soseji ndi nyama pa mbaula. Pani yawo inali ngati ya ba aunty, koma yakuda bii, yonyezimira. Ndinawaonetsa yanga.

"Iwe mwana wanga, uyu si matenda yakupha," anatero akuseka. "Manje ufuna kutaya ndalama chabe?"

Anandipatsa steel wool kuti ndikweche mpaka dzimbiri lonse lichoke, ndipo m'mizere anati ndilowemo ndi kamtengo. Atatsuka anaiika pa mbaula kuti iume. Kenako anaipaka saladi pang'ono ndi kansalu, n'kupukutanso ngati alakwitsa. Saladi ikachuluka, pani imamata. Anaisiya pamoto mpaka utsi unatha, n'kubwereza katatu. Saladi yopserera ija ndi imene imasanduka khungu lakuda loletsa dzimbiri, komanso nyama sikakamira.

Podikira anandiphunzitsa zambiri. Chitsulochi chimachedwa kutentha koma chimasunga moto, n'chifukwa chake chimagwirizana ndi mbaula. Yambani mwaitenthetsa bwino musanaikepo nyama. Mafuta pakani pa nyama, osati pa pani, chifukwa amangothawira m'mizere n'kupsa. Nyama osaigwiragwira, ikapsa imadzichotsa yokha, mizere itadindika.

Mukatha kuphika, tsukani ikadali yofunda, ndi madzi otentha ndi burashi. Zokakamira zimachoka ndi mchere. Kasopo pang'ono si mlandu, mlandu ndi kuviika. Osathira madzi ozizira pa pani yotentha, ingang'ambike. Supu ya tomato ili ndi mapoto ake, chifukwa kuwawasa kwake kumadya khungu lija. Pomaliza iumitseni pamoto, pakani kasaladi, sungani pouma.

Amaiwo anakana ndalama. "Gula chabe soseji ziwiri," anatero. Ndinagula zinayi.

Madzulo ndinabweza pani. Ba aunty anaitembenuza, n'kuyendetsa chala m'mizere, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Inachita dzimbiri, ai?"

Ndinavomera.

"Naine n'nachitapo so, pamene inali ya ambuya ako," anatero. "Manje popeza wadziwa kuisamala, Sande ndiwe uzawotcha nkhuku."