Ola limodzi popanda m'busa, popanda kwaya

Ndinakulira ku Kawale, ndipo amene mumakudziwa mukudziwa kuti Lamulungu m'mawa tulo sitifika 7 koloko. Kumanzere kwa nyumba yathu kunali tchalitchi cha malata chimene chinkayamba kuyesa masipika dzuwa lisanatuluke, kumanja kwaya ya amayi ikukonza mawu, ndipo chapatali wina akuomba m'manja kuthamangitsa ziwanda. Ndinakula ndikudziwa kuti Mulungu amamuyankhula mokweza. Munthu wokhala phee pa mapemphero ndinkamuona ngati wakwiya, kapena wagona.

Nditamaliza ku koleji ndinapeza kachipinda ka lendi ku Area 25, kuseri kwa nyumba yaikulu. Mwini nyumba ankakhala ndi bambo awo okalamba, mchona amene anatha zaka zambiri ku Bulawayo. Tonse pa loti tinkawatcha agogo. Lamulungu lililonse cha m'ma 3 koloko masana kunkabwera anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ankalowa pabalaza, n'kutseka chitseko, kenako zii. Nyimbo ayi, pemphero lomveka ayi, ngakhale ameni. Ola likatha mumangomva makapu a tiyi ndi kuseka.

Mtsikana wa chipinda choyandikana ndi changa anali ndi yankho lake kale. "Aise, zimenezi n'za satanic. Unaonapo mpingo wopanda nyimbo iwe?" Inenso, ndi digiri yangayo, ndinkadutsa pakhomo pawo mofulumira.

Bambo anga anamwalira mu 2023. Za matenda awo sindilembapo. Ndilemba za zimene zinachitika maliro atatha, tsiku limene achibale anakumana kuti asudzule amayi ndi kukambirana za chuma. Chuma chake n'chiyani? Nyumba ya zipinda zitatu ku Kawale, njinga yakale, wailesi ndi masuti awiri. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anabwera kuchokera kumudzi n'kunena mosazungulira kuti nyumbayo ndi ya kwawo, igulitsidwe, amayi abwerere kwa makolo awo. M'nyumbamo munali azing'ono anga awiri, wina ali Fomu 3, wina Sitandade 7.

Ine ndinali nditakonzeka. Ndinkadziwa kuti kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limene limaika mkazi kapena mwamuna wa womwalira ndi ana patsogolo, komanso limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndinalisindikiza, n'kuliika m'chikwama. Bambo aang'ono asanamalize kuyankhula ndinaimirira, pamaso pa ankhoswe, azakhali ndi akuluakulu onse, n'kuwatcha mbava. Ndinatchulanso apolisi. Amayi analira ngati maliro ayambiranso. Ankhoswe anatseka msonkhano, nati tidzakumanenso pakatha mwezi. Bambo aang'ono ananyamuka osadya nsima.

Mlungu umenewo agogo anandipeza ndikuchapa pa mpopi, maso atatupa.

"Mdzukulu, bwera Lamulungu udzakhale nafe."

"Agogo, sindikufuna kupempheredwa."

"Palibe amene adzakupempherere mokuwa. Udzangokhala. Ukatopa utuluke."

Ndinapita, mwina chifukwa chosowa kopita. Mipando inali mozungulira, pakati tebulo laling'ono pali Baibulo ndi botolo la maluwa a bougainvillea othyoledwa pa mpanda. Panalibe wokhala kutsogolo. Panali agogo, mayi wina wa ku Kenya wogwira ntchito ya unamwino, mwamuna wake, mphunzitsi wopuma pa ntchito wa ku Area 18, ndi mnyamata wokonza mafoni mu Old Town. Aliyense anakhala pansi, basi, mapemphero ayamba.

Mphindi khumi zoyambirira zinali chilango. Ndinamva mimba yanga ikulira. Ndinamva kabaza akuliza belu kunja, ndi mwana wa neba akulira kuti am'gulire freezes. Dzanja linkayabwa kufuna foni. Kenako m'mutu munayamba mlandu: ndinkayankha bambo aang'ono mawu ndi mawu, ndikuwagonjetsa kambirimbiri. Patapita nthawi mayankho anatha, ndipo kunatsala chinthu chimodzi chimene sindinkafuna kuchiona, nkhope ya amayi pamene ndinkakuwa paja. Cha kumapeto mphunzitsi uja anayankhula ziganizo zitatu zokha zokhudza mkazi wake amene ankadwala. Palibe anayankha, palibe anati aleluya. Chete chinabwerera. Ola litakwana agogo anagwira dzanja la woyandikana nawo, tonse tinapatsana moni wa m'manja, ndipo tiyi anabwera ndi zitumbuwa.

Pa tiyi ndi pamene ndinamva dzina lawo: a Quaker. Iwo eni amatchulana kuti Abwenzi, pakuti dzina lenileni la mpingowu ndi Religious Society of Friends. Unayamba ku England cha m'ma 1650, ndi munthu wotchedwa George Fox, mwana wa mmisiri woluka nsalu, wobadwa mu 1624. Iye ankaphunzitsa kuti munthu aliyense angathe kumva Mulungu payekha popanda wansembe womuimirira. Dzina loti Quaker linali lachipongwe, lotanthauza onjenjemera, ndipo anawapatsa ndi woweruza wa ku Derby mu 1650 Fox atamuuza kuti azinjenjemera ndi mawu a Mulungu. Ankakana kulumbira m'khoti, ati kulumbira kumasonyeza kuti masiku ena onse umanama. Ankakana kuvulira chipewa anthu akuluakulu ndiponso kupita kunkhondo, ndipo ambiri anamangidwa. Amayi ankalalikira kuyambira pachiyambi pomwe. Mu 1688, ku Germantown ku America, ena mwa iwo analemba chikalata chotsutsa ukapolo, ngakhale panapita zaka zambiri mpingo wonse usanavomereze. Mu 1947 mabungwe awo awiri othandiza anthu ovutika ndi nkhondo analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Chokoleti cha Cadbury chimene timagula m'masitolo chinayambitsidwa ndi banja la a Quaker. Phala la Quaker Oats lija ayi, eni ake anangotenga dzina.

Agogo anakumana nawo ku Zimbabwe, kudzera ku Hlekweni, malo ophunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito za manja amene a Quaker anatsegula kufupi ndi Bulawayo mu 1967. Ndinawauza mayi a ku Kenya aja kuti ndiye kwawo matchalitchi ali phee. Anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Ayi, mwanangu! Kwathu phokoso kuposa kuno!"

Anandifotokozera m'Chichewa chawo chosakaniza kuti amishonale a Quaker ochokera ku America anafika ku Kaimosi, kumadzulo kwa Kenya, mu 1902, ndipo lero Kenya ili ndi a Quaker ambiri kuposa dziko lina lililonse. Kumeneko kuli abusa, makwaya, ulaliki ndi chopereka, monga ku Kawale. Mapemphero a chete anawaphunzira atakula, ndipo mpaka lero, anatero, ola likamatha mtima umafuna kuyambitsa nyimbo. Mu August 2024 a Quaker a dziko lonse anakumana ku South Africa, kufupi ndi Johannesburg, ndipo mutu wa msonkhano wawo unali wokhudza ubuntu, umunthu wathu womwewu.

Koma chimene chinandigwira sichinali mbiriyi. Chinali Lamulungu lachitatu, pamene atamwa tiyi anakhalanso pansi kuti akambirane za ndalama. Anali atasonkha kandalama m'miyezi ingapo. Mnyamata wa mafoni ankafuna zilipire fizi ya mwana wa mlonda wa pa mzere wathu. Mwamuna wa namwino ankafuna zigule matiresi ndi mankhwala a mayi wina wofa ziwalo. Ndalamazo sizikanakwana zonse ziwiri.

Ndinakhalapo pa misonkhano ya banki mkhonde, ya achinyamata kutchalitchi, ya pa ntchito. Ndikudziwa mmene imathera: wamkamwa mwakuthwa apambana, kapena tikweza manja, ochepawo apite kwawo akung'ung'udza. Apa panalibe kukweza manja. A Quaker savota. Munthu ankayankhula kamodzi, akamaliza onse chete kaye, kenako wina. Palibe wodula mnzake pakamwa. Mphunzitsi uja, amene anali mlembi, sankapereka maganizo ake. Ankangomvetsera ndi kope pamwendo. Kenako analemba ziganizo ziwiri n'kuziwerenga mokweza, nafunsa ngati zimenezi ndi zimene gulu lafikapo. Mnyamata wa mafoni anati liwu limodzi silinam'khalire bwino. Analisintha pomwepo, nawerenganso. Matiresi anapambana, fizi inalembedwa kuti ndiyo yotsatira. Mnyamatayo anati sanakhutire kwenikweni koma sadzatsekereza njira. Agogo anandiuza pambuyo pake kuti akanapanda kugwirizana, nkhaniyo ikanadikira mwezi wina, ngakhale itakhala yofulumira.

Apa ndinene maganizo anga. Chete sichabwino nthawi zonse. Ife atsikana tinaleredwa kuti pa bwalo la akulu tizikhala chete, ndipo amayi amasiye ambiri ataya nyumba chifukwa cha chete chotere. Amayi anga akanangokhala phee, lero akanakhala kumudzi. Chete cha pabalaza la agogo chinali cha mtundu wina, pakuti chinkagwira onse mofanana. Wamkulu ankadikira monga mwana ankadikirira, ndipo chikatha aliyense anali ndi ufulu woyankhula.

Tsiku la msonkhano wachiwiri lisanafike ndinapita kwa ankhoswe a mbali ya amayi, malume anga. Ndinagwada, n'kupepesa pa mawu aja. Kenako ndinapempha zinthu ziwiri: kuti ine ndisayankhule koma ndizilemba, ndipo kuti munthu akamaliza kuyankhula tizidikira pang'ono wina asanayambe.

"Zimenezi mwaziphunzira ku koleji?" anafunsa.

"Ayi malume, kwa agogo a pa lendi."

Za a Quaker sindinatchule. Akanamva za mpingo wopanda nyimbo nkhani ikanathera pomwepo.

Tinakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango umene bambo anabzala. Pepala la lamulo linali m'chikwama changa, sindiname. Bambo aang'ono anabwereza zomwe zija, mokwiya kwambiri kuposa poyamba, maso ali pa ine. Ndinalemba. Dzanja linkanjenjemera, ndipo ndinakumbukira woweruza wa ku Derby uja. Atamaliza, malume anakweza dzanja kuti tidikire. Sizinafike ngakhale mphindi imodzi, koma kwa banja lathu inali nthawi yaitali kwambiri. Wina anatsokomola. Nkhuku inadutsa pakati.

Amene anayankhula ndi azakhali, mlongo wawo wamkulu, amene pa msonkhano woyamba sananene kanthu. Anayankhula akuyang'ana pansi.

"Ana inu simukudziwa. Malata a nyumba iyi ndi ng'ombe za mng'ono wangayu. Anali ndi ng'ombe ziwiri za ngolo. Anagulitsa zonse kuti mkulu wake afolere nyumba mvula isanagwe. Malemu anati adzabweza. Zaka zinapita. Uyu ngolo anasiya, mpaka lero amalima ndi khasu. Pa maliro aliyense anatamanda malemu kuti anamanga nyumba m'tauni. Za ng'ombe palibe anatchula."

Ndinayang'ana amayi. Anagwedeza mutu kuvomereza. Ankadziwa. Ine, amene ndinakulira pansi pa malata amenewo ndikuwerenga mabuku mvula ikugwa, sindinkadziwa. Bambo aang'ono anapukuta kumaso ndi chipewa.

Lamulo linali kumbali yathu ndithu, ndipo ndikanapita nalo kukhoti ndikukhulupirira kuti nyumba ikanatsala ndi ife. Koma pepala langa silinkadziwa za ng'ombe.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Panali kukwezerana mawu kawiri, pakuti ife si a Quaker. Pomaliza ndinawerenga zimene ndinalemba: nyumba ikhala ya amayi ndi ana, ana a malemu akuvomereza ngongole ya ng'ombe ziwiri za ngolo, ndipo adzaibweza pang'onopang'ono pa mtengo wa lero. Bambo aang'ono anati liwu loti ngongole lichoke, iwo sanakongoze mkulu wawo ngati katapila. Ndinafufuta, n'kulemba kuti ana adzabwezeretsa ng'ombe za bambo awo aang'ono. Ndinawerenganso. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Kusaina sindisaina," anatero. "Koma sindikutsutsa."

Nsima anadya.

Ndalamazo ndikutumiza ndine, mwezi ndi mwezi, pa foni, kuchokera pa malipiro amene kale sankafika pa 20. Miyezi ina ndimalephera. Ng'ombe imodzi inagulidwa chaka chatha, ndipo ananditumizira chithunzi pa WhatsApp kudzera pa foni ya mwana wawo, popanda mawu aliwonse. Liwu loti mbava sanaliiwale, ndimaona ndikapita kumudzi mmene amandiyankhira moni.

Sindinalowe mpingo wa agogo. Lamulungu m'mawa ndimapitabe ku Kawale kukapemphera ndi amayi, ndipo kwaya ikayamba ndimavina nawo. Masana ena ndimabwerera msanga ku Area 25 kuti 3 koloko indipeze pabalaza paja. Mtsikana wa chipinda choyandikana uja anandiona ndikutuluka tsiku lina, nandifunsa kuti mkatimo amatipatsa chiyani.

"Tiyi ndi zitumbuwa," ndinatero.

Sanakhulupirire.