Mtunda womwe sulembedwa pa chikwangwani

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga akale omwe mumawerenga kuno, lero ndili ndi nkhani ya zikwangwani za m'misewu.

Manambala a kwathu kuno ndi ofatsa. Ukachoka ku Bangwe kutsata msewu wa Midima, Mulanje safika makilomita 70. Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi 300 ndi kanthu. M1 yonse, kuchokera ku Marka mpaka ku Songwe, ili cha m'ma 1,100 basi. Ku Australia chikwangwani chimodzi chimatha kulozera mzinda uli kutali kuposa pamenepo.

Koma ulendo womwe ana anga ambiri amayenda akalemba MSCE sindinauonepo pa chikwangwani cha mu Blantyre muno. Ndikunena Joni. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, ndiye Johannesburg. Makilomita oposa 1,700, zipata zitatu. Njirayi ndi yakale ndithu. Ngakhale dzina la Wenela linachokera ku bungwe lomwe linkalemba agogo athu ntchito za migodi komweko. Mu 2015, chipwirikiti chothamangitsa alendo chitabuka kumeneko, mabasi anabweza abale athu njira yomweyo.

Masiku ano ana a Fomu 3 ndimawapatsa ulusi kuti ayeze ulendowu pa mapu. Amayeza mwakachetechete, chifukwa ambiri ali ndi achimwene kapena amalume kumeneko.

Inu omwe muli ku Joni, mundilembere kuti munayenda masiku angati ndipo munagona pati. Ndikawawerengere anzanu.